Giliserini ndi khungu louma: uthenga kwa anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje

Mwera ukayamba kuwomba mu Juni ndi Julayi, ana amatuwa mbuu miyendo, milomo imang'aluka, ndipo akuluakulu ambiri zikang'a zimayamba kuwalumaluma kuzidendene. Kufika Okutobala ndi Novembala, kutentha kwa ku Ngabu, Nchalo ndi Bangula kumapitirira madigiri 40, munthu n'kumasamba kangapo pa tsiku. Kusamba pafupipafupi ndi sopo kumachotsa mafuta amene khungu limadzipangira lokha. Onjezani madzi a mchere a m'mijigo yambiri ya kuno kuchigwa, fumbi lotentha poyenda opanda nsapato, ndi chizolowezi chosambira sopo wochapira zovala, muona chifukwa chake khungu louma lili pafupifupi pakhomo lililonse.

Ambiri timaona ngati kutuwa ndi nkhani ya maonekedwe basi. Ayi. Khungu likang'aluka, tizilombo toyambitsa matenda timapeza polowera. Kwa msodzi wa ku Elephant Marsh, mlimi wa kudimba kapena wodula nzimbe, kamng'alu kakang'ono kakhoza kusanduka chilonda cholepheretsa munthu kugwira ntchito kwa masabata.

Mmene giliserini amagwirira ntchito

Giliserini tonse timamudziwa: kabotolo ka timadzi tooneka mbee, tonanda, topanda fungo, timene timagulitsidwa m'magolosale ndi pamsika. Amachokera ku mafuta a zomera kapena a nyama, ndipo wambiri amapezeka popanga sopo. Anamutulukira ndi wasayansi wina, Carl Wilhelm Scheele, ku Sweden mu 1779.

Ntchito yake ndi kukoka madzi n'kuwagwira. Mmene mchere umanyowera m'mbale nthawi ya dzinja popanda wothiramo madzi, ndi mmenenso giliserini amakokera chinyezi. Akakhala pakhungu amagwira madzi m'kachikopa kapamwamba penipeni, kamene kakauma kamalimba, kutuwa ndi kung'aluka. Kachikopaka kakakhala ndi madzi okwanira kamafewa, kuyabwa kumachepa, ndipo timing'alu timatsekeka msanga. N'chifukwa chake amapezeka m'mafuta odzola ambiri. Ngakhale mankhwala opaka m'manja ophera tizilombo, amene tinawazolowera nthawi ya Covid-19, njira yowapangira ya bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO imathiramo giliserini pang'ono kuti manja asaume.

Kadzoledwe koyenera

Apa ndi pamene ambiri timaphonya. Giliserini alibe madzi akeake, amangogwira amene wawapeza. Mukamupaka yekhayekha pakhungu louma gwa, makamaka nyengo imene mphepo ndi youma, amamata, amakola fumbi, ndipo ena amamva kuwotcha. Phindu limakhala lochepa.

Choncho dzolani mukangotuluka kubafa, thupi lisanaumiretu. Dzipukuteni mopepuka, osakhula ndi nsalu. Donthezani madontho awiri kapena atatu a giliserini m'dzanja, onjezani timadzi toyera tochuluka kuposa giliseriniyo kanayi kapena kasanu, tikitani m'manja ndi kupaka. Ngati muli ndi loshoni, madonthowo asakanizeni ndi loshoni wa m'dzanjamo. Sakanizani zongokwanira nthawi imeneyo. Kuthira madzi m'botolo lonse n'kulisunga kwa masabata m'nyumba yotentha si bwino, chifukwa zosakanizazo zimatha kuwonongeka.

Pamalo ouma kwambiri monga zidendene, mawondo, zigongono ndi m'miyendo, pakani Vaseline pang'ono pamwamba pake. Zinthu ziwirizi zimagwira ntchito zosiyana: giliserini amagwira madzi, Vaseline amatseka kuti madziwo asathawe. Amayi amene amasakaniza ziwirizi podzoza ana akuchita bwino, bola khungu likhale lonyowa kaye. Koma kukatentha kwambiri musapake Vaseline wambiri thupi lonse, makamaka kwa makanda, chifukwa amatseka potulukira thukuta ndipo tizilonda ta kutentha timabuka m'khosi ndi kumsana. Nyengo imeneyo giliserini wosungunula ndi madzi ndi wokwanira.

Zikang'a zimafuna kuleza mtima. Madzulo viikani mapazi m'madzi oyera kwa mphindi 15 kapena 20, khulani pang'onopang'ono chikopa cholimbacho ndi mwala wosalala, pakani giliserini kenako Vaseline, ndipo ngati masokosi alipo valani pogona. Musadule chikopacho ndi lezala. Ku famase kumapezekanso mafuta okhala ndi urea, amenenso amagwira madzi ndi kufewetsa chikopa cholimba. A magawo 10 pa 100 ndi a khungu louma, a magawo 25 pa 100 ndi a zidendene. Chonde, Urea wa m'thumba la feteleza si wopaka pathupi. Anapangidwira kumunda, sanayeretsedwe kuti akhudze khungu la munthu.

Amene ayenera kusamala koposa

Odwala matenda a shuga ndi amene anadwalapo khate nthawi zambiri mapazi awo samva kupweteka ndipo satuluka thukuta mokwanira, motero amauma n'kung'aluka mwiniwake osadziwa. Anthu amenewa aziyang'ana mapazi awo tsiku lililonse, kapena wachibale aziwayang'anira, ndipo azidzola mosadumphitsa. Pakati pa zala za kumapazi pokha pasapakidwe kanthu. Pamenepo pamafunika kupukuta kuti paume, chifukwa chinyezi chimabweretsa nyansi zoyabwa ndi zilonda.

Chigwa chathu chinavutikanso kwambiri ndi matenda otupitsa miyendo ofalitsidwa ndi udzudzu. Mu 2020 bungwe la WHO linatsimikiza kuti Malawi wathetsa matendawa ngati vuto lalikulu la dziko, koma amene anatupa kale akadali nafe m'midzimu. Kwa iwo mng'alu uliwonse ungabweretse kutentha thupi ndi kutupa kowonjezereka. Kutsuka mwendo ndi sopo tsiku ndi tsiku, kuupukuta bwino m'makwinya monse ndi kudzola pouma ndi chisamaliro chenicheni, ndipo abale tisawatayirire. Kafukufuku wa ku Ethiopia amene anasindikizidwa mu 2017, pa anthu otupa miyendo chifukwa cha dothi la kumeneko, anapeza kuti kuthira giliserini wa magawo 2 pa 100 m'madzi oviikamo mapazi kunathandiza khungu kusunga madzi bwino.

Zimene giliserini sangachite

Giliserini sayeretsa khungu. Ena amamusakaniza ndi mafuta oyeretsa a pamsika, amene ambiri amakhala ndi hydroquinone, mercury kapena mankhwala amphamvu a steroid. Zimenezi zimapyapyalitsa khungu, zimasiya mabala akuda osachoka, ndipo mercury amawononga impso. Kuthiramo giliserini sikuchepetsa kuopsa kwake.

Satetezanso ku dzuwa. Izi ndi zofunika kwambiri kwa abale athu achialubino, amene dzuwa la kuno limawaika pa chiopsezo cha khansa ya pakhungu. Iwo amafunika mafuta enieni oteteza ku dzuwa, chipewa chotambalala ndi zovala za manja aatali. Makolo afunse kuchipatala za mafuta amenewa.

Mphere ndi zipere nazonso sizichoka ndi giliserini. Ngati banja lonse likukanda usiku, kapena mwana ali ndi zigamba zozungulira m'mutu, pamafunika mankhwala ake. Musapake giliserini pachilonda chotseguka, pamalo opsa ndi moto, kapena m'maso. Ngati simunamugwiritsepo ntchito, yesani kaye pang'ono padzanja. Pakatupa kapena kuyabwa, tsukani ndi kusiya.

Pitani kuchipatala kapena kaonaneni ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ngati mng'alu ukutuluka magazi kapena mafinya, ngati phazi latupa ndipo likutentha, kapena ngati mwadzola bwinobwino kwa masabata awiri koma kuyabwa sikukusintha. Mukaona chigamba chotuwa kapena chofiirira pakhungu chimene sichimva mukachikhudza, musachedwe n'kudzola mafuta: chikhoza kukhala khate, ndipo mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma.