Dzuwa silitchaja batire la wailesi

Amene anakulira ku Ngabu, Bangula kapena Nsanje akukumbukira mabatire akuluakulu aja atayalidwa padenga la malata masana onse, kuti madzulo wailesi ya Nzeru idzalankhule nthawi ya nkhani za MBC. Ankati dzuwa likuwadzaza moto. Mpaka lero ena amakhulupirira zimenezi, koma si zoona.

Batire wamba la mavoti 1.5 ndi kachitini ka zinki, mkati muli phala lakuda ndi kandodo ka kaboni pakati, kaja ana ankalembera pakhoma. Magetsi amabwera pamene mankhwala a m'phalamo akudya zinki. Zinki ikadyeka yadyeka, dzuwa silingaibwezere.

Nanga wailesi inkadzukiranji? Batire likapuma maola angapo, mankhwala amasakanikiranso bwino mkatimo, ndipo kutentha kumafulumizitsa ntchito yawo. Ndiye mumafinya kamphamvu komwe kanatsala kale. Mawu amakwera kanthawi, kenako aziii pakati pa mpira. Kuluma batire kapena kulimenya ndi mwala n'chimodzimodzi, mukungokankha phala kuti ligundane ndi zinki yotsala.

Vuto ndi kutentha kwa kuno ku chigwa. Mu Okutobala kumapitirira madigiri 40, ndiye pamalata n'kuposa apo. Batire lotere limatha msanga ngakhale silikugwira ntchito, limatha kuchucha n'kuwononga masipuling'i a wailesi.

Za sola zamasiku ano ndi nkhani ina. Pamenepo chogwira dzuwa ndi panelo, ndipo batire lake linapangidwa kuti lizitchajidwa. Nalonso limafuna pamthunzi.