Pakati pa chisankho ndi chisankho, nkhalango ya Kaning'ina ailondera ndani?

Pa ntchito yanga yophunzitsa anthu kusamalira nkhalango, funso limene achinyamata a kuno ku Mzuzu amandifunsa kawirikawiri ndi ili: kuti mitengo ileke kutha, tipite mumsewu kapena tidikire tsiku loponya voti?

Ndiyambe ndi zimene voti imatha, chifukwa ambiri amaichepsa. Lamulo loyang'anira zachilengedwe la 2017, lomwe linabweretsa bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA, linadutsa ku Nyumba ya Malamulo. Mu 2020 aphungu anakonzanso lamulo la nkhalango la 1997 n'kukhwimitsa zilango kwa owotcha ndi ozembetsa makala. Zionetsero sizilemba lamulo, ndipo sizigawa ndalama zolipira alonda a nkhalango. Zimenezi amachita ndi anthu amene timawasankha.

Koma voti imabwera kamodzi pa zaka zisanu, pamene mtengo wa zaka makumi atatu umagwa m'mawa umodzi. Komanso munthu akalowa m'kachipinda kovotera amaganiza za mtengo wa chimanga, feteleza ndi mafuta. Sindimuimba mlandu, njala ndi yeniyeni. Chonchi phungu amadziwa kuti nkhani ya Chikangawa siingamugwetse. Mphamvu yomuchotsa nthawi yake isanakwane tinalinayo m'gawo 64 la malamulo aakulu a dziko, koma inafafanizidwa mu 1995. Nkhalango ya Chikangawa ija, ya mahekitala pafupifupi 53,000, yakhala ikudulidwa ndi kupsa pansi pa maboma osiyanasiyana, onse osankhidwa ndi ife.

Apa ndi pomwe pamafunika kuchitapo kanthu mwa bata. Sikuyenda kokha kuchokera ku Katoto kukasiya chikalata kukhonsolo. Ndi kukhala pansi pakhomo la ofesi mpaka wamkulu atuluke adzayankhe, kukana kugula katundu wa kampani yowononga, kukadzala mitengo pamalo pomwe wina akufuna kulanda. Gawo 38 la malamulo aakulu limalola kusonkhana ndi kuchita zionetsero mwa mtendere, opanda zida, ndipo lamulo la apolisi limafuna kuti akuluakulu adziwitsidwe maola 48 zisanachitike. Wotseka msewu popanda kutsata zimenezi adziwiretu kuti akhoza kumangidwa.

Nkhani ya majumbo ikuonetsa bwino mmene ziwirizi zimadalirana. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala, osafika ma micron 60 pa kukhuthala kwake, mu 2015. Makampani anathamangira kukhoti kukatenga chiletso, lamulo n'kugona. Mayi Gloria Majiga-Kamoto ndi anzawo anasonkhanitsa mabungwe, atolankhani ndi anthu wamba kuti nkhaniyi isaiwalike, mpaka khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi boma mu Julaye 2019. Mayiwa analandira mphoto ya Goldman, yopatsidwa kwa oteteza chilengedwe, mu 2021. Ngakhale zinatero, makampani anabwereranso kukhoti, ndipo majumbo sanachoke m'misika yathu. Lamulo linalipo, koma silikanayenda popanda anthu olikankha.

Ku Kenya, mayi woteteza chilengedwe Wangari Maathai anamenyedwa mu 1999 akudzala mitengo m'nkhalango ya Karura. Mu 2002 anasankhidwa kukhala phungu, kenako wachiwiri kwa nduna ya zachilengedwe. Mu 2007 mpando wauphungu unawachoka, koma Karura ilipobe mpaka lero. Anaimenyera nkhondo asanalowe m'boma.

Ndikudziwa chifukwa chake mawu oti zionetsero amawawa kuno. Pa 20 Julaye 2011 anthu anaphedwa m'misewu ya mzinda uno, ndipo ena agona kumanda a ku Zolozolo. Mu 2019 tinaona masitolo akuthyoledwa. Ndiye bata si ulemu chabe ayi. Mwala umodzi ukaponyedwa, wailesi imakamba za mwalawo, za mitengo zatha, ndipo amayi a m'mipingo amene akanabwera mawa amatsala kunyumba. Chimodzimodzi kulanda njinga ya bambo wa makala. Munthuyo akusaka chakudya cha ana, ndipo thumba lakelo likupita kukhitchini kwathu komwe. Mkwiyo upite kwa amene amapereka zilolezo ndi amene amayang'ana kumbali malole akamadutsa usiku.

Langizo langa kwa anthu a Mzuzu ndi lakuti tisankhe chinthu chimodzi chooneka ndi maso. Madzi a m'mipopi yathu amachokera kudamu la Lunyangwa, ndipo damulo limadalira nkhalango ya Kaning'ina. Mitengo ikatha kumtunda, mvula imakokolola dothi n'kulitsira m'damu, madzi osungidwa n'kumachepa. Kufuula kuti "tetezani chilengedwe" sikumanga munthu aliyense. Koma kupita kwa khansala wa dera lanu muli anthu makumi atatu, kumufunsa kuti malire a nkhalangoyi adzaikidwa zizindikiro liti ndipo amene akulima m'katimo athandizidwa bwanji kuti achoke, kulemba yankho lake ndi tsiku, kenako kubweranso mwezi wamawa, zimenezo amaziopa. Makhansala tinakhala opanda iwo kuyambira 2005 mpaka 2014, ndipo ambiri a ife sitinazolowerebe kuwagogodera pakhomo.