Chisanu cha ku Glasgow ndi nkhani ya chimfine

Ndatopa nayo nkhani yakale ija yoti mwana wobadwira kwathu akasamukira ku Glasgow, mzinda wa ku Scotland, azingodwala chimfine chifukwa magazi ake sanazolowere chisanu. Chimfine chimayamba ndi mavairasi. Chimafala kwambiri nyengo yozizira poti anthu amapanikizana m'nyumba mawindo ali chitsekere. Ndipo kumeneko chovuta kwenikweni ndi mvula, choncho jekete yokhuthala ndi nsapato zosalowa madzi zimathandiza kwambiri.

Chofunika kuchiganizira mozama ndi mdima. Mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo ife akhungu lakuda vitamini D, amene thupi limapanga khungu likawombedwa ndi dzuwa, amatichepera msanga m'thupi. Musanatumizire abale zomwe mwangomva, funsani dokotala, onani mbiri ya zanyengo ya mzindawo pa intaneti, ndipo fufuzani mtengo wotenthetsera nyumba musanasaine za lendi.