Mmene akuda ankachotsedwera pa jury ku America

Ku America mlandu waukulu saweruza jaji yekha ayi, amaitana gulu lotchedwa jury, nthawi zambiri anthu wamba 12, aphunzitsi, madalaivala, ogulitsa m'mashopu, ndiwo amanena ngati munthu walakwa kapena ayi. Asanakhale pampando maloya amayamba awafunsa mafunso kaye, ndipo amene akuoneka kuti ali ndi mbali, kaya ndi m'bale wa malemu kaya mumtima mwake anagamula kale, jaji amamubweza. Apo palibe angadandaule. Koma pali mwayi wina umene amautcha peremptory challenge, loya amangoti uyu achoke osapereka chifukwa chilichonse, ndiye tsankho linalowera pomwepa.

Khoti la Supreme, lomwe ndi lalikulu kuposa onse ku America, linanena kalekale mu 1880, pa mlandu wa Strauder wa ku West Virginia, kuti lamulo loletsa akuda kukhala pa jury silovomerezeka. Maloya a boma anangosintha njira basi, kumawachotsa mmodzimmodzi mwakachetechete. Mpaka 1986 pa mlandu wa James Batson wa ku Kentucky, munthu wakuda yemwe ankamuganizira kuti wathyola nyumba, akuda onse anayi anachotsedwa n'kutsala azungu okhaokha. Khoti linati kuyambira pano zikaoneka kuti wamuchotsera khungu, ufotokoze chifukwa china chomveka. Jaji Thurgood Marshall anachenjezeratu kuti kupeka chifukwa n'kosavuta, bola mwayiwo ungothetsedwa.

Ndipo ankanena zoona bambo amene uja. Ku Winona, katauni kakang'ono ka ku Mississippi, mu 1996 anthu anayi anawomberedwa mu shopu ya mipando ya Tardy Furniture, apolisi n'kugwira Curtis Flowers, munthu wakuda yemwe anagwirako ntchito pamenepo. Munthuyu anamuzenga mlandu womwewo ka 6, loya wa boma yemweyo Doug Evans, ndipo mwa akuda 42 amene akanakhala pa jury iye anachotsa 41. Ulendo womalizawo akuda asanu omwe anawachotsa anawapanikiza ndi mafunso 145, pomwe azungu 11 amene anakhala pampando anangofunsidwa mafunso 12 onse pamodzi, ine zimandiwawa ndikaganiza kuti munthu wabwera kudzathandiza khoti koma akumufufuza ngati wakuba ndi iyeyo kuti apeze pomugwirira.

Mu 2019 majaji 7 mwa 9 a Khoti la Supreme anathetsa chigamulo chomupeza Flowers wolakwa pamodzi ndi chilango chake cha imfa, iye anatuluka pa belo mu Disembala chaka chomwecho atakhala m'ndende zaka zoposa 22, ndipo mlandu anautaya mu 2020. Boma la Arizona linachita zimene Marshall ankanena zija, kuyambira Januwale 2022 loya wofuna kuchotsa munthu pa jury kumeneko amayenera kupereka chifukwa jaji n'kuvomereza.