García: Dzina la Anthu Mamiliyoni Lopanda Kholo Limodzi

Mkangano wa anthu olowa m'dziko la United States ukafika pachimake, dzina la García silisowa pakamwa pa anthu. Kalembera wa 2010 anapeza kuti linali lachisanu ndi chimodzi pa maina a mabanja ofala kwambiri m'dzikolo, kuposa Miller ndi Davis. Ku Spain ndiye loyamba: anthu oposa 1.4 miliyoni ali nalo ngati dzina la banja loyamba. Ambiri amangoganiza kuti onsewa ndi mtundu umodzi wochokera ku Spain, koma mbiri yake ikunena zina.

Poyamba García linali dzina la munthu, osati la banja. Mfumu García Íñiguez inalamulira ku Pamplona, kumpoto kwa Spain, m'zaka za m'ma 800, ndipo García wina analamulira ku León kuyambira 910 mpaka 914. Mwana wa García ankatchedwa Garcés, monga mwana wa Rodrigo ankatchedwa Rodríguez, koma dzina limene linafalikira ndi la bambo lenilenilo, lopanda mathero ngati -ez osonyeza kuti ndi "mwana wa". Tanthauzo lake akatswiri sagwirizana. Ramón Menéndez Pidal ndi Antonio Tovar analilumikiza ndi mawu a Chibasque (chinenero cha kumpoto kwa Spain) akuti hartz, kutanthauza chimbalangondo. Alfonso Irigoyen anati likuchokera ku mawu otanthauza wachichepere. Zolembedwa za Chibasque za nthawi imeneyo n'zochepa kwambiri moti palibe mbali imene ingatseke nkhaniyi, ngakhale onse akuloza kudera limodzi la kumpoto.

Kwa ine, pamene panasinthira zinthu ndi pa ubatizo ndi m'buku la wansembe. Mu 1492 Ayuda a ku Spain anauzidwa kuti abatizidwe kapena achoke. Mu 1502 Asilamu a ku Castilla, ufumu wa mu Spain momwemo, anakumana ndi lamulo lomwelo. Amene anatsala anafunika dzina lachikhristu, ndipo nthawi zambiri ankatenga la munthu wowaimirira pa ubatizo, kapena dzina wamba limene silikanachititsa anthu kuwayang'ana kawiri. Kenako mu 1563 msonkhano wa mpingo wa Katolika wa ku Trent unalamula kuti parishi iliyonse izilemba maubatizo ndi maukwati. Kale ana a mimba imodzi ankatha kukhala ndi maina a banja osiyana. Tsopano zimene wansembe walemba ndi inki zinayamba kutsatira ana ndi adzukulu. Ku Mexico ndi ku Peru, kumene kunkalamulidwa ndi Spain, eni nthaka ndi akapolo ochokera ku Africa analembedwa mwanjira yomweyo, maina a makolo awo n'kusowa m'mabuku.

Ku Philippines, kumenenso kunkalamulidwa ndi Spain, zinachitika poyera. Pa 21 November 1849, bwanamkubwa Narciso Clavería analamula kuti mabanja asankhe maina m'buku lokonzedwa ndi boma, kuti kuwerenga anthu ndi kutolera msonkho kuziyenda bwino. Lero Garcia ndi limodzi mwa maina ofala kumeneko, ndipo Carlos P. Garcia anali pulezidenti wa dzikolo kuyambira 1957 mpaka 1961.

N'chifukwa chake ndimakayikira amalonda a pa intaneti amene amagulitsa chithunzi cha chishango, chizindikiro cha banja, n'kumati ndi cha "banja la García". Zishangozo zinkaperekedwa ku mabanja ochepa olemekezeka, pomwe ambiri mwa a García a lero ndi adzukulu a alimi, a anthu otembenuzidwa mokakamiza ndi a eni nthaka amene sanafunsidwe n'komwe dzina limene akufuna.