Makalata amene kompyuta ya Linux imakulemberani

Mukalowa mu terminal (polembera malamulo a kompyuta) ya Linux kapena FreeBSD, nthawi zina pamatuluka mawu akuti "You have new mail". Ambiri amangowalumpha poganiza kuti ndi za Gmail. Kalatayo sinadutse pa intaneti n'komwe, yalembedwa ndi kompyuta yomweyo. Khalidweli ndi lakale, chifukwa lamulo (command) la mail linalipo kale mu 1971 mu Unix yoyamba, imene Linux inatengerako.

Amene amalemba kwambiri ndi cron, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika. Ntchito ikatulutsa mawu alionse, cron amawatumiza kwa mwini ntchitoyo, kapena ku adiresi imene mwalemba pa MAILTO mu crontab, fayilo ya mndandanda wa ntchito za cron. Ngati backup ya usiku yalephera chifukwa disiki yadzaza, nkhani yake ili mmenemo. Mapulogalamu enanso amalemba: smartd imachenjeza hard disk ikayamba kufooka, mdadm imanena disiki imodzi ya RAID (madisiki angapo ogwira ntchito ngati imodzi) ikagwa, ndipo sudo, wopatsa munthu mphamvu za woyang'anira kompyuta, amakaneneza munthu wosaloledwa amene wayesa kumugwiritsa ntchito.

Vuto n'lakuti ambiri mwa makalatawa amapita kwa root, akaunti ya woyang'anira kompyuta, pomwe palibe amene amalowa ngati root tsiku ndi tsiku. Amangounjikana mu /var/mail/root (pa Red Hat ndi abale ake ndi /var/spool/mail) mpaka tsiku limene disiki yafa, ndiye munthu n'kupeza kuti chenjezo linabwera kalekale. Kuti makalatawa azifika kwa inu, tsegulani fayilo ya /etc/aliases, mulembemo mzere wonga uwu: root: chikondi. Pa "chikondi" paikeni dzina limene mumalowera. Kenako yendetsani newaliases kuti zimene mwasinthazo zigwire.

Zonsezi zimafuna kuti pakhale pulogalamu yonyamula makalata, monga Postfix kapena Exim. Ubuntu ya pa laputopu imabwera yopanda, ndiye cron amangotaya uthengawo n'kulemba mu log kuti "No MTA installed, discarding output". Mukamaika Postfix, sankhani "Local only" ngati simukufuna kuti makalata atuluke kunja. Kuti muone ngati zikuyenda, lembani echo mayeso | mail -s Moni root, muone ngati kalatayo yafika kwa inu.

Tsono kuwerenga. Bokosi lanu ndi fayilo imodzi ya mtundu wa mbox, makalata onse ali mondondozana, iliyonse ikuyamba ndi mzere wa "From ". Lamulo la mail limaiwerenga, koma ndi louma. Pulogalamu ya Mutt, imene anayamba Michael Elkins mu 1995, ndi yabwinopo: mumaona mndandanda, Enter kutsegula, d kufufuta, q kutuluka.

Okonda kudina ndi mbewa amafunsa za Thunderbird, pulogalamu yowerengera maimelo. Kale inali ndi akaunti yotchedwa Movemail yotenga makalata ku /var/mail, koma anaichotsa mu Thunderbird 91 ya 2021, n'chifukwa chake malangizo akale sakugwiranso. Njira yodalirika lero ndi kuika Dovecot, seva ya IMAP (njira imene mapulogalamu a imelo amatengera makalata), kuiuza kuti izimvetsera pa localhost pokha, kutanthauza pa kompyuta yomweyo, n'kuuza Thunderbird kuti seva ya IMAP ndi localhost pa port 143, dzina ndi password zikhale zomwe mumalowera pa kompyutapo. Kwa ine, pa kompyuta imodzi kumeneku n'kupha nyerere ndi nkhwangwa, Mutt ndi yokwanira. Seva ikakhala kutali, ndi bwino makalata a root azipita ku imelo yanu yeniyeni, koma adutse pa akaunti ya SMTP (yotumizira imelo) yokhala ndi password, chifukwa makampani ambiri a intaneti amatseka port 25, khomo limene maseva amatumizirana makalata, komanso Gmail imakana makalata opanda SPF kapena DKIM, njira zotsimikizira kumene kalata yachokera.

Makalata akayamba kufika mudzaona kuti ena ndi phokoso chabe, ntchito yongonena kuti yatha bwino ola lililonse. Pa mzere wa ntchito yoteroyo mu crontab onjezani > /dev/null, kuti mawu akewo azitayidwa. Musaphatikizepo 2>&1 monga amachitira ambiri, chifukwa pamenepo mwatsekanso pakamwa uthenga wonena kuti ntchito yalephera.