Maina omwe sanalowe m'kaundula wa ku Soche

Malichi akangofika, anthu a ku Chilobwe ndi ku Manja mumzinda wa Blantyre maso amakhala kuphiri la Soche. Mpata womwe matope ndi miyala zinang'amba mu 2023 ukuonekabe, ndipo mvula ikachezera usiku alipo amayi omwe sagona mpaka kucha. Ndi mwezi womwewu pomwe umabukanso mkangano womwe sunathe: anthu omwe namondwe wa Freddy anatenga analipo angati, ndipo anawalemba ndani?

Lipoti la boma la kauniuni wa zoonongeka, lomwe linatuluka chaka chomwecho, limati m'dziko muno anamwalira anthu 679, ena 537 anasowa, ndipo oposa 659,000 anathawa m'nyumba zawo. Ukafunsa m'munsi mwa phiri, ambiri amapukusa mutu, amati chiwerengerocho n'chochepa. Ukafunsa ena omwe anasonkha ufa ndi mabulangete, dandaulo lawo ndi lina: amati m'misasa maina anachuluka kuposa anthu, ndipo chala amaloza makomiti a m'madera. Ine ndimaona kuti magulu onse awiriwa akukhudza chilonda chimodzi, ndipo chilondacho chinayamba kale kwambiri.

Napolo si mlendo kuno kummwera. Anatsika ku Zomba mu Disembala 1946, agogo athu akumukumbukirabe. Koma yemwe anagwedeza boma ndi wa ku Phalombe mu Malichi 1991, pomwe phiri la Michesi linagumuka n'kukokolola midzi. Ngakhale pa ngozi imeneyo zolembedwa sizigwirizana: zina zimati anafa anthu pafupifupi 500, zina zimatchula chiwerengero chokwererapo. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Disaster Preparedness and Relief Act, lomwe linakhazikitsa udindo wa komishonala woona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, komiti yaikulu ya dziko lonse ndi thumba la chithandizo. Pa maziko amenewa, komanso ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998, panamangidwa makwerero a makomiti: ya m'mudzi imauza ya kwa mfumu yaikulu, iyo imauza ofesi ya DC, DC amauza nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA ku Lilongwe.

Makwerero amenewa anapangidwa ndi maso a kumudzi, ndipo kumudzi amagwiradi ntchito. Nyakwawa imadziwa nyumba iliyonse, mkamwini aliyense, mwana yemwe anapita kwa azakhali ake. Maliro akachitika, woyamba kuuzidwa ndi mfumu, ndipo manda sakumbidwa iyo isanalole. Phiri likagumuka kumudzi, otsala amatha kukhala pansi n'kutchula mmodzimmodzi yemwe sakuoneka.

Blantyre sali choncho. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 800,264 mumzindawu, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'madera omwe anangomera okha, opanda mapulani, monga Ndirande, Mbayani, Bangwe ndi Chilobwe. Ochuluka ndi a lendi. Munthu amabwera kuchoka ku Thyolo kapena ku Mulanje, amapeza kachipinda kotchipa kumtunda kwa phiri komwe kunali nkhalango yotetezedwa, pakatha miyezi ingapo amasamukira kwina. Lamulo la mafumu la 1967 limati mfumu ilibe mphamvu mumzinda pokhapokha khonsolo italola polemba, choncho mafumu a m'tauni ndi mabuloko lida amagwira ntchito ali mwendo umodzi m'kati, wina kunja. Onjezerani apo kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala. Zaka 9 zonsezo, gawo la makwerero lomwe likanagwira wodi ndi wodi mumzinda linali lopanda mwini.

Madzi osefukira a Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, anamondwe a Ana ndi Gombe mu 2022, zonsezi zinaphunzitsa dziko zambiri, koma maso ambiri anali ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ku maboti ndi ku Shire. Mu 2015 boma linatulutsa ndondomeko yatsopano ya za ngozi, bilu yosintha lamulo la 1991 inakhala zaka ikukambidwa. Mzinda unkaonedwa ngati kochokera chithandizo.

Kenako kunabwera masiku anayi omwe kwa ine ndiye phata la nkhani yonseyi. A zanyengo, omwe likulu lawo lili mu Blantyre momwemuno, anachenjeza nthawi ilipo. Freddy anafika kumtunda kachiwiri ku Mozambique pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi, mvula inayamba kugwa osapumira, ndipo pofika Lolemba pa 13 Malichi Soche anali atagumuka. Magetsi kunalibe, chifukwa kampani yopanga magetsi ya EGENCO inaimitsa makina ku Nkula ndi ku Tedzani kaamba ka madzi ndi zinyalala. Mafoni anathima mmodzimmodzi. Oyamba kukumba anali anthu oyandikana nawo nyumba, ndi makasu, mafosholo, ena ndi manja okha. Asilikali a MDF, apolisi ndi a Red Cross anafika n'kupeza anthu atanyamula kale ovulala ndi mitembo kupita nayo kumsewu. Tsiku lomwelo Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti chigawo cha kummwera chili pa ngozi, ndipo chiwerengero choyamba chinali anthu 99, mwa iwo 85 a mu Blantyre. Lachiwiri chinafika 190, Lachitatu 225, Lachinayi 326. Lachitatu lomwelo mabokosi 21 anaikidwa pamzere ku Chilobwe pa mwambo wa maliro womwe Pulezidenti anafikako, ndipo dziko linalowa m'masiku 14 olira.

Manambala amenewa ankachokera m'mabuku osiyanasiyana, ndipo buku lililonse linali ndi diso lake ndi khungu lake. La kunyumba ya chisoni ya chipatala cha Queen Elizabeth, ku Gulupu, ndilo ndimalikhulupirira kwambiri, chifukwa limalemba thupi lomwe lafikadi. Koma limathera pakhomo pa chipatala. Banja lomwe linafukula m'bale wawo n'kupeza galimoto yopita naye kumudzi tsiku lomwelo silinadutse pamenepo. Buku la apolisi limadalira munthu woti apite kukanena. Apa ndi pomwe mawu akuti osowa amavutira: kuti munthu alembedwe kuti wasowa, pamafunika wina wotsala yemwe akumufuna komanso akudziwa dzina lake. Banja la lendi likapita lonse usiku umodzi, mwini nyumba nayenso n'kupita, wokanena ndani?

Ndinaziona izi ndi maso anga Lachinayi la sabata imeneyo, titapita ndi a mpingo wathu kukasiya ufa pa sukulu ina yomwe inasanduka msasa. Pakhonde la kalasi panakhala mayi wina wa komiti ya m'deralo, chitenje chonyowa mpaka m'chiuno, atagwira hadikava yomwe ankaisunga m'jumbo. Anali atajambula mizere ndi lula: mutu wa banja, anthu angati, ana osakwana zaka zisanu, oyembekezera, olumala. Masamba a kumapeto anawasungira osowa. Pa mzere wina panalibe dzina. Panalembedwa chabe kuti bambo wa kabaza wa ku Thyolo, mkazi wake ndi ana awiri, nyumba ya lendi kumtunda kwa mpopi. Nditawafunsa, anandiyankha motsitsa mawu: “Achimwene, anthu aja anangokhala miyezi itatu. Tinkangowaitana ndi dzina la mwana wawo wamkulu. Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi alandilodi, ndiye nawonso sitinawapeze.” Mayiwo nyumba yawo inalinso itagwa mbali imodzi. Palibe yemwe ankawalipira.

Mzere ngati umenewo sungakwere makwerero kupita ku Lilongwe. Fomu imafuna dzina, zaka, mudzi ndi mfumu ya kwawo. Ndiye a ku Chilobwe akamanena kuti chiwerengero n'chochepa, ali ndi chifukwa, ngakhale palibe pepala losonyeza kuti chinachepa ndi angati. Mbali inayo iliponso: ena omwe analembedwa kuti asowa anapezeka ali moyo kumsasa wina kapena kwa abale, ndipo ena analembedwa kawiri, kupolisi ndi dzina la pa chiphaso, kumsasa ndi dzina lodziwika nalo pamalopo. Zolakwika zinapita mbali zonse ziwiri, koma sizilemera mofanana. Dzina lolembedwa kawiri limatha kufufutidwa pambuyo pake. Losalembedwa konse silibwereranso.

Za maina ochuluka m'misasa, sindikukana kuti alipo omwe analowetsa abale awo, kapena kubisa thumba la ufa. Koma tiyeni tione mmene zinkakhalira. Bungwe lililonse, mpingo uliwonse, kampani iliyonse inkabwera ndi pepala lakelake n'kuuza komiti kuti ilembenso anthu kuyambira pachiyambi. Ziphaso za unzika za ambiri zinali zitapita ndi matope, ndiye panalibe nambala yoti n'kufananitsira. Amuna ambiri usiku ankagona pabwinja kulondera malata otsala, masana n'kubwera kumsasa. Ena nyumba zawo zinali chilili koma ufa wonse unanyowa ndipo ganyu kunalibe. Tsiku logawa ankafika, ndipo mayi wa hadikava uja amawadziwa kuti agona ndi njala. Awabweze? Chiwerengero cha m'mawa ndi cha madzulo zinkasiyana ndi anthu ambirimbiri popanda wina kunama. Komanso nthawiyo kolera, yomwe inayamba mu Malichi 2022, inali isanathe, ndiye alangizi a zaumoyo nawonso ankayenda ndi kaundula wawo wa zimbudzi ndi madzi.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti mabuku odziwa anthu a ku Soche analipo ngozi isanachitike. Alangizi a zaumoyo amalemba mabanja a m'dera lawo. Masukulu ali ndi marejisitala okhala ndi maina a makolo. Miphakati ndi milaga ya mipingo ili ndi maina a akhristu ake, mabanki m'khonde ali ndi a mamembala awo, okwera kabaza ali ndi matcheyamani pa siteji iliyonse. Mabuku onsewa anali omwazikana, ena anali m'nyumba zomwe zinakokoloka, ndipo magulu opulumutsa anthu anafika pamalo opanda pepala lowauza kuti pansi pa mwala uwu panali nyumba zingati, mumagona angati. Agalu a apolisi atabwera kudzanunkhiza, owalozera pokumba anali anthu ongokumbukira pamutu, pamalo pomwe njira, mipanda ndi mitengo yozindikirira zinali zitafafanizika.

Mu Epulo 2023, patangopita milungu yochepa, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la Disaster Risk Management Act m'malo mwa lija la 1991. Limaika mtima pa kupewa, limapereka mphamvu yolengeza malo kuti ndi oopsa ndi kusamutsa anthu, komanso limakhazikitsa makomiti a za ngozi m'makhonsolo. Kusamutsako ndi mkangano wina pawokha, chifukwa munthu wa lendi alibe malo oti amusinthire, ndipo pokonza mndandanda wa osamuka funso la kaundula limabweranso momwemo.

Mayi aja ndinakumana nawonso chaka chotsatira pamsika. Hadikava akuisungabe kunyumba, masamba ake atatupa ndi chinyezi. Anandiuza kuti miyezi ingapo msasa utatsekedwa kunabwera gogo wina kuchokera ku Thyolo, akufunsa khomo ndi khomo za mwana wake wamwamuna yemwe ankapalasa kabaza. Anakhala naye pansi, anamuonetsa mzere uja, koma chiwerengero cha ana sichinagwirizane: wa gogoyo anali ndi atatu. Anamulembera dzinalo pa mzere watsopano, pansi pa uja wopanda dzina.